Chilembo pa Chitseko

Ndinaigula mu Juni, fakitale itangoyamba kugaya,
yofiira ngati chidede,
mapulasitiki akadali m'mipando.
Zaka zisanu ndi zinayi za nzimbe zanga
zinakwana m'kiyi mmodzi.

Wogulitsa uja anandilanga ngati namwali:
musaitsuke dzuwa lili paliwombo,
sopo wochapira zovala ayi, amadya penti,
nsalu ikagwa pansi musaitolenso,
kamchenga kamodzi n'kokwanira.
Ndinangogwedeza mutu.
Mwana wa m'tauni, Dwangwa sakuidziwa.

Kuno akatentha minda usiku
kumacha kukugwa phulusa,
timizere takuda, topepuka,
ukatikhudza ndi chala tafa, tasiya mwaye.
Limenelo sapukuta. Umathira madzi kaye,
kuyambira padenga, pang'onopang'ono,
monga posambitsa khanda
lomwe mchombo wake sunagwe.

Pansi pa mtengo wa mango ndinaichotsapo:
mileme ilibe ulemu,
ndipo zitosi zake zikagona tsiku limodzi
zimasiya chipsera.
Malata amene ndinasungira khitchini
ndinamangira galimoto.
Mayi a kunyumba akuphikabe pamtetete.

Thirakitala ya nzimbe ikamabwera
ndimapatuka n'kuima, kuopa timiyala.
A kabaza amandipitirira akuliza belu,
wina mpaka anandifunsa ngati mafuta andithera.

Tambala wa kwa a Msusa anadziona pachitseko
nayamba ndewu ndi mnzake wa m'pentimo.
Ndinamugula tsiku lomwelo, osanenerera mtengo.
Tinamudya Lachisanu.

Asiyatu amandiyang'ana ali pakhonde
ndikamapaka polishi Loweruka,
dzanja likuzungulira, likuzungulira,
mpaka nkhope yanga itulukire m'bonetimo.
Akuti, zigongono zanga zatuwa mwezi wathunthu,
mwaziona, bambo?
Ndimati ndamva. Ndimatembenuza nsalu.

Ndiye Lachiwiri lina m'mamawa,
ndowa m'manja,
ndinaipeza mbali ya dalaivala, m'munsi mwa chogwirira,
pamsinkhu wa munthu wa zaka zisanu ndi chimodzi:
M.
Wamkulu ngati chikhatho changa,
mwendo umodzi wautali, wina wotsimphina,
wolembedwa ndi msomali, mwamphamvu,
mpaka chitsulo choyera kuonekera.

Ndowa inagwa. Mawu anakana.

Mwatitha anatulukira kuseri kwa bafa,
yunifomu yopanda mabatani awiri,
mano akutsogolo kulibe.
Ababa, mwaona? Ndatha!
Aphunzitsi amati ndimalemba chadodolido,
koma apa ndakhoza, eti?

Anali atakhozadi.
Sabata zitatu ndinamuona akulimbana nacho
m'kope, pamchenga, pakhoma la chimbudzi,
chikungotuluka miyendo m'mwamba.
Lero chaima ndi miyendo yake,
pa zaka zanga zisanu ndi zinayi.

Wopopera penti wa pa Nkhunga anapitapo ndi chala,
naimba kaluzu,
natchula mtengo wa matumba awiri a feteleza.
Anati mwina mtundu sufanana ndendende,
kufiira kumeneku n'kovuta.
Ndinati ndibwera mwezi ukatha.

Yatha miyezi inayi.
Ndinangodontheza vanishi wa zikhadabo wa Asiyatu
m'mizeremo, kuti dzimbiri lisalowe.
Iye anandigwirira botolo,
akuseka mapewa okha.

Ndimatsukabe m'mamawa uliwonse,
madzi kaye, nsalu pambuyo.
Ndikafika pachitsekopo dzanja limachedwa lokha,
kutsata mwendo wautali, kutsika, kukwera,
kukathera pa wotsimphina uja.

Koma misomali yonse ndinaitola,
ili m'chitini pamwamba pa kabati,
poti dzulo pobwera kusukulu
anandiuza, akudumphadumpha,
kuti tsopano aphunzira W,
ndipo dzina lake lili ndi zilembo zisanu ndi zitatu.